Kompyuta ya a Mwakalinga inasiya kuyankhula

Panali munthu wina ku Uyole, mumzinda wa Mbeya, dzina lake a Mwakalinga. Anali osaona, ndipo ankakhala okha chimwalirireni akazi awo, a Tusajigwe. Mayiwo anali katswiri wa makompyuta. Asanamwalire anakonza okha kenelo, yomwe ndi mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta, kuti izigwirizana ndi kachipangizo kakale kowawerengera amuna awo makalata ndi nkhani. Opanga kachipangizoko anatseka kampani yawo kalekale.

Mwana wawo Atupakisye, namwino ku Dodoma, ankawauza pafoni kuti asalole kompyuta kumadziikira yokha mapulogalamu atsopano mpaka iye atabwera ndi munthu woti akhome keneloyo kuti isasinthidwe ndi kusunga ina pambali. Bambowo ankangoti amva.

Tsiku lina masana kunabwera munthu wodzalumikiza intaneti. Anali wochezeka. Anamwa nawo tiyi ndi mandasi, nkhani za mpira zili mkati. Apo n'kuti a Mwakalinga atatha milungu itatu osalandira mlendo.

"Achikulire, kompyuta yanuyi ndi gogo. Mukufuna mbava zikulowereni? Ndingodina apa, izidzikonza yokha."

Anakumbukira mawu a mwana wawo, koma anaopa kukhumudwitsa munthu amene anakhala nawo pansi. Anavomera.

Lachisanu m'mawa kompyuta inaika kenelo yatsopano n'kufufuta yakale ija. A Mwakalinga atayatsa, kunali zii. Anazimitsa, kuyatsanso, kupapasa mawaya onse. Anaimbira munthu uja, koma iye anati ntchito yake ndi intaneti basi, n'kudula foni.

Patatha mwezi Atupakisye anafika ndi katswiri. Katswiriyo anafufuza tsiku lonse, kenako ananena kuti palibe chatsala, ndipo zimene mayiwo anasintha sizinalembedwe paliponse. Anawaikira pulogalamu ina yolankhula.

"Ababa, iyinso ikuwerenga bwino," anatero Atupakisye.

"Ikuwerenga, mwanangu. Koma ijayo anaikonza ndi amayi ako."

Lamlungu Atupakisye anakwera basi kubwerera ku ntchito. A Mwakalinga anazula kachipangizo kaja, kukakulunga m'nsalu, n'kukaika m'sutikesi pansi pa bedi.

Phunziro: Kuika mapulogalamu atsopano si kulakwa. Koma ngati wina anakukonzerani kenelo mwapadera, ikhomeni kaye ndipo sungani ina pambali musanalole kompyuta kudzisintha yokha. Ndipo achikulire okhala okha muziwayendera, chifukwa munthu wosungulumwa amavomera aliyense womuchezetsa. Tumizani uthengawu kwa abale ndi anzanu.