Hita Yosachira

Hita ija inabweranso Lolemba m'mawa, itagonekedwa kumbuyo kwa galimoto ngati wodwala. Mkazi wa makaniko anaiona ali pawindo la khitchini akudyetsa mwana, ndipo supuni inaima m'malere.

"Yayambanso, amisiri," anatero mwini wake potsika. "Ikuyaka bwinobwino, koma ndikangochotsa chala pabatani, yazima. Makasitomala anga akudya akunjenjemera."

Anali mayi wa lesitilanti ya matebulo apanja, wachikulire ndithu koma wodzisamala: zikhadabo zofiira, nsapato zogogoda, kuseka koonetsa mano onse. Mkazi wa makaniko ankamutcha Zikhadabo, koma chamumtima.

Mahita a gasi akakonzedwa pakhomo pano sabwerera. Mwamuna wake amadziwika ndi zimenezo. Amatsuka kabowo kotulukira gasi, amapaka madzi a sopo papayipi kuti aone ngati pakuchita thovu, kenako amayatsa n'kuisiya mpaka chitsulo chifiire. Nanga iyi yokha ili ndi nthenda yanji yoti sabata iliyonse izibwera kudzapimidwa?

Chiyambireni kuzizira, zinthu m'nyumbamo zinali zitasintha. Malezala ankatha msanga. Mafuta onunkhira amene iye anagulira mwamuna wake, amene kale ankangochita fumbi pashelefu, anali atafika pakati pa botolo. Ngakhale apongozi ake aamuna, amene chimwalirireni akazi awo ankangokhala pampando pakhomo la shedi atadzikuta jekete, tsopano ankadzuka n'kulandira mlendoyo ndi manja awiri. Banja lonse lagulidwa, anatero mumtima. Watsala ndi iyeyo ndi mwana.

"Amake mwana," anaitana mwamunayo ali m'shedi, "kasipanala kanga kakang'ono kaja simunakaonebe?"

"Afunseni amene mumawakonzerawo."

Mwamunayo anangoseka, n'kutuluka kukabwereka kwa wowotcherera wa pafupi. Kusekako n'kumene kunamupweteka kwambiri.

Mkaziyo anabereka mwana n'kulowa m'shedi. Zikhadabo anali panja, akucheza ndi apongozi padzuwa. Hita inali chiimire pakati pa mabotolo a gasi, chitseko chake chaching'ono chili chotsegula. Sukulu anaisiyira panjira, koma munthu sungagone ndi fungo la girisi zaka zonsezi osatolapo kanthu. Ankadziwa kuti pafupi ndi kamoto koyatsira pali kawaya kamkuwa kamene kamamva kutentha. Kakamva, gasi amapitiriza kuyenda. Kakapanda kumva, moto umafa. Kunsi kwa kawayako kuli kanati. Kakamasuka, gasi sadontha, palibe ngozi, hita imangokana basi.

Anakagwira ndi zala ziwiri. Kanazungulira mosavuta ngati chivindikiro cha botolo.

Lolemba lapitali anaona ndi maso ake kanati kameneka kakumangidwa mpaka mitsempha kutuluka pamkono wa mwamuna wake. Nati yotero simasuka ndi mphepo. Simasuka ndi mabampu a mumsewu. Imamasulidwa ndi munthu wodziwa pogwira, wokhala ndi sipanala ya saizi yake. Ndiye wina azinamizira kuti sipanalayo inasowa? Inasowera m'thumba la ovolosi, kudikira kuti mkazi wopusa atembenuke.

Anakumbukira mmene ankadzukira kukada kumuchapira maovolosi omwewo, manja akuchita dzanzi m'madzi ozizira. Zikhadabo zake zinali zothothoka ndi sopo. Anaziyang'ana, n'kuzibisa m'nsalu yoberekera mwana.

Sanafune kukangana ndi munthu pa zongoganiza. Anabwerera m'nyumba, anasolola chikwama pansi pa bedi, anaponyamo matewera, zovala za mwana ndi madiresi ake. Akangoona dzanja la mwamuna wake likubwerera pa kanati, madzulo a lero akamupeza kwa amayi ake, ndipo wobwera kudzamunyengerera adzatopa yekha. Anaima kuseri kwa katani ya khitchini, pamene shedi ndi galimoto zimaoneka zonse.

Mwamunayo anabwera ndi sipanala yobwereka. Anagwada, anamanga, anapukusa mutu ngati munthu wodabwa. Amatha kuchita sewero, anaganiza mkaziyo. Mwamunayo anapaka sopo papayipi, thovu silinaoneke. Anadina batani, anadikira, anachotsa chala. Moto unaima wabuluu, osagwedezeka. Zikhadabo anaomba m'manja, zibangili zikulira, ndipo mkazi wa makaniko analuma mlomo mpaka kumva mchere.

Tsopano. Azimitsa, ayang'ana kunyumba kuno, kenako dzanja lilowa m'thumba.

Mwamunayo anazimitsa. Anatseka kachitseko. Anatola sipanala ya eni ake n'kuyamba ulendo wokabweza, akudzikanda m'khosi, osacheuka n'komwe. Mkaziyo anakakamira katani. Abwerera ameneyo. Akudikira kuti hita ikwere kaye m'galimoto.

"Ndikubwera ndidzanyamule, bambo," anatero mwamunayo ali pageti.

"Pita, mwanawe. Msana ndikadali nawo," anayankha apongozi, monga ankayankhira Lolemba lililonse.

Apongoziwo anaikumbatira hita ija n'kudutsa nayo pansi pa windo, chibwano chili see, fungo la mafuta a pashelefu aja likuwatsatira. Kumbuyo kwa galimoto anaigoneka bwinobwino, anasuzumira kugeti, n'kutulutsa kasipanala kosowa kaja m'thumba la jekete. Anatsegula kachitseko n'kupotokola kanati kaja kamodzi kokha.

"Ikavutanso musachedwe nayo, mayi," anatero akukonza kolala.

Zikhadabo, amene nthawi yonseyi ankayang'ana mitambo ngati sakuona kanthu, anamwetulira. "Lolemba, achikulire. Mudzavale jekete lomweli."