Basi Itazima Pansi pa Thames

Basi yopita ku Greenwich inazima pakati pa msewu woboola pansi pa mtsinje wa Thames. Khoma linkachucha madzi, utsi ukulowa pawindo.

Munthu wa pampando wakumbuyo anagwira Flywell paphewa.

"A Flywell, mwanenepatu kuno! Mayi anu ku Dedza akudwala, simunamve?"

Flywell sanacheuke. Dzinalo analitaya pamalire a Mchinji tsiku lomwe anathawa apolisi a ku Malawi. Mu London monse ankamudziwa kuti Hudson, ngakhale kutchalitchi.

Anayang'ana chitseko. Kunja kunali khoma lokhalokha, pamwamba pake mtsinje wathunthu.

Injini inalira, basi n'kuyamba kuyenda.

"Musafulumire, achimwene," anatero munthuyo, dzanja lili paphewa pomwepo. "Titsikira limodzi."