Mbedza Kuchidendene

Dailes anapeza mapilisi a shuga a amuna ake m'chitini cha mbedza, osatsegula n'komwe.

"Bambo a Triza, mwezi wathunthu osamwa?"

A Jailosi, akusoka ukonde pamchenga, anakweza botolo la madzi ofiirira. "Ndikumwa awa. Suja mwana wathu anati timitengo ndi fumbi zotsala ku fakitale ya tiyi zimagwira shuga?"

"Anati m'timabotolo ta mu labu, kukoleji kwawoko! Pa munthu sanayesepo!"

"Ine ndayesa. Ndili bwinobwino, taonani."

Anadzuka n'kuyenda monyadira. Kuchidendene kwawo mbedza inali italowa yonse, chingwe chikukhwekhwereka m'mbuyo, magazi ali chuchuchu, iwo osamva ngakhale kuyabwa.

Dailes anayang'anitsitsa chidendenecho: shuga anali atawachititsa kale dzanzi mapazi.

"Mukuyang'ana chiyani, mayi a Triza?" anafunsa a Jailosi, akumwetulira.