Mabowo a Masentimita 15

Lachiwiri lapitali mphunzitsi wa sayansi anamulakwira kalipentala wa pasukulu. Anamulembera kapepala kuti akonze thabwa loimikamo timachubu tagalasi toyesera mankhwala, bowo lililonse masentimita 15.

"Aphunzitsi, si mamilimita kodi? Umu mulowa chibakera chathunthu."

"Madala, anaphunzira ndine kapena inu? Boolani."

Anaboola. Kachubu koyamba kanangodutsa n'kukasweka pansi, ana n'kufa nalo phwete.

"Ndi nkhalambayi, sidziwa miyezo," mphunzitsi anauza ahedi, kapepala kaja atakang'amba kale.

Ahedi anamulanda sowo kalipentala n'kumupatsa chikwakwa, azitchetcha udzu. Thabwalo tsopano lili pakhomo pa ofesi, m'mabowomo muli miphika ya maluwa. Alendo akayamikira, ahedi amati, "Nzeru za aphunzitsi athu a sayansi zimenezo."