Kachipangizo ka pa Mpanda

"Kachotseni pamenepo, alamu," anatero bwana wa siteshoni ya magetsi. "Kakangomva kanthu pang'ono, kazimitsa thiransifoma. Mantha ngati mbuzi!"

Injiniya anayang'ana CT, kachipangizo koyeza magetsi pa waya wa nyutulo wopita pansi. Ankadziwa kuti popanda iko, magetsi akayamba kuthawira m'kati mwa thiransifoma palibe choizimitsa. Koma amene anamupezera ntchito ndi mlamu wake yemweyu.

"Ndikaike pati, bwana?"

"Pa waya wa mpanda apo. Kakapume."

Thiransifoma sinazimenso. Inangopsa Lachiwiri masana, utsi mpaka kuonekera kumsika.

Akuluakulu a kampani akuzungulira phulusa, bwana analoza kumpanda, kumene kachipangizo kankanyezimira.

"Mwaona? Ndikanapanda kukasuntha, nakonso kakanapsa."