Mphunzitsi wa Masabata Khumi ndi Awiri

Panali munthu wina kuno mumzinda wa Limerick, dzina lake Fintan. Amene anandiuza nkhaniyi anali m'kalasi momwe zinachitikira, ndiye musati ndapeka.

Fintan anaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta pa sukulu ina ya pa intaneti, maphunziro a masabata khumi ndi awiri okha. Atamaliza anasaka ntchito miyezi isanu ndi iwiri, osaipeza. Kenako mwini sukuluyo, a Brannigan, anamuimbira foni.

"Bwera udzaphunzitse kuno."

"Ine bwana? Ndiphunzitsa chiyani poti nanenso zimandivuta?"

"Za mawa uziwerenga lero, basi. Patsamba lathu tilemba kuti ndiwe katswiri. Akakufunsa zovuta uzinena kuti nthawi yatha."

Fintan anavomera. Kwa abale ake ankayenda modzimva, ati tsopano ndi mphunzitsi wa za makompyuta.

Mchemwali wake wamkulu, Orla, anali dalaivala wa basi kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo ankalera yekha ana awiri. Lachiwiri lina anabwera ndi kalata m'manja.

"Iwe Fintan, msana wanga watha ndi basi ija. Ngati mutu wako womwewu unakwanitsa, ine ndingalephere? Iyi ndi kalata yosiya ntchito, ndikapereka Lachisanu. Koma undiuze zoona, sukulu yanuyi ndi yeniyeni?"

Abale, apa ndi pamene munthu akanatsina khutu m'bale wake. Koma Fintan anayankha kuti:

"Ndi yeniyeni, achemwali."

Lachitatu sanaimbe foni. Lachinayi anaigwira n'kuibwezera m'thumba. Lachisanu Orla anapereka kalata ija, ndipo sukulu inamuika m'kalasi ya mchimwene wake yemweyo.

Masabata anayi Fintan anazembazemba. Koma fote imakwana ndithu. M'mawa wina, ophunzira makumi atatu ali pa intaneti, Orla anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pulogalamu yanga ikukana kusunga mayina. Ndakutumizirani, taitsegulani tonse tione."

"Nthawi yatha, achemwali."

"Yatha bwanji poti tangoyamba kumene? Tsegula, iwe."

Anthu anaseka. Fintan anaitsegula, n'kuonetsa sikirini yake kwa onse. Malembo ofiira osonyeza zolakwika anali mbwee. Anasintha apa, zinakana. Anafufuta apo, zinaipiraipira.

"Pepani, kamera yanga yavuta. Mundidikire pang'ono."

Anazimitsa kamera ndi mawu omwe. Koma tsoka lake, sikirini anaiwala kuichotsa. Anthu makumi atatu aja ankangoona mphunzitsi wawo akufunsa pa intaneti tanthauzo la malembo ofiirawo. Yankho linabwera, iye osalimva. Kenako anatsegula malo a mauthenga n'kuyamba kulembera a Brannigan, chilembo ndi chilembo, aliyense akuwerenga:

"Bwana ndithandizeni msanga. Izi sindikuzidziwa ngakhale pang'ono. Akufunsa ndi mchemwali wanga."

Yankho silinachedwe: "Auze kuti intaneti yaduka. Ophunzira akafika sabata yachisanu sabwezeredwa ndalama zawo, usade nkhawa."

Fintan anayatsa kamera, akudzikakamiza kumwetulira.

"Pepani anzanga, intaneti ikuoneka kuti..."

"Fintan." Anali Orla. "Sikirini yako tikuiona."

Orla anapitiriza:

"Ndikufunsa kamodzi kokha. Lachiwiri lija, nditaima m'khitchini mwako ndi kalata, unkadziwa?"

"Achemwali, tikambirane patokha..."

"Unandinamiza tili patokha. Yankha pano."

"Ndinkadziwa."

Orla sanatukwane, sanalire. Anangotseka kompyuta.

Tsiku lomwelo anapita ku kampani ya mabasi kukapempha ntchito yake. Anamulandira bwino, anamupatsa tiyi, n'kumuuza kuti malo ake analowapo kale wina. Pano amatsuka mabasi omwe ankayendetsa aja, masiku atatu pa sabata. Fintan akafika pakhomo pake, amene amatuluka ndi mwana wamkulu, n'kunena kuti, "Amalume, amayi akuti alibe mchimwene."

Phunziro: Musanasiye ntchito imene ikudyetsa ana anu, funsani kuti wokuphunzitsaniyo anagwirapo ntchito kuti, ndipo akuonetseni zimene anapanga ndi manja ake, ngakhale atakhala wobadwa naye bere limodzi. Nanunso amene mukudziwa zoona koma mukuopa kunyozeka, nenani kalata isanapite. Tumizirani uthengawu aliyense amene akufuna kulembetsa sukulu za pa intaneti, mwina mupulumutsa banja.