Timapepala ta pa Kiyibodi

Kunali m'mawa, mvula ikuwaza pang'onopang'ono. Bambo wina wokalamba anakhala patsogolo pa kiyibodi, chikhadabo chili pansi pa kapepala koyamba.

Malemu mkazi wake ndiye anamata timapepalato pa mabatani oyera apakati, n'kulembapo ndi bolopeni: do, re, mi, fa, so, la, ti. Nyimbo zake zonse ankaziimba motero. Pa "so" inki inali itafufutika ndi chala chake.

"Agogo, aphunzitsi akuti timapepalato muchotse," anatero mdzukulu wake, atakumbatira buku la manotsi a pa mizere isanu. "Akuti ndikamangoyang'ana zala, sindidzatha kuwerenga timadontho iti."

"Agogo ako aakazi ankati timeneto ndi nyerere zoyenda pa waya."

"Nyerere zakezo ndi zimene zimabwera pamayeso, agogo."

Bamboyo anaseka pang'ono, n'kuyamba kumatula. Kapepala kalikonse kankasiya malo oyera mbee kuposa batani lonse. Ankatindandalika pachikhatho mosamala. Atafika pa "so", chala chinaima.

Mtsikanayo anayang'ana agogo akewo, kenako anayang'ana buku lija.

"Kameneko kasiyeni. Palibe chikuwerengeka pamenepo, ndiye si kubera."

Anakasiya.

Mtsikana uja anakhala pampando n'kuyamba kutsatira nyerere zake, akuphonyaphonya. Bamboyo anapita kukhitchini. Anamata timapepala tija m'mphepete mwa zenera kuyambira pa do, nasiya mpata pakati pa fa ndi la. Kenako anatsegula mpopi, n'kuyamba kutsuka makapu.